Mmene Mungakhalire Mmisiri Womanga Nyumba

Ntchito yomanga nyumba imayambira pa fosholo ndi wilibala, chipande chimabwera pambuyo. Pezani malo amene akumanga, mupemphe kukhala wothandizira. Pamenepo mudzaphunzira kusakaniza simenti, kunyowetsa njerwa musanazipereke kwa womanga, ndi kuona mmene nyumba imakwerera kuchokera pa maziko mpaka pa denga. Musaipeputse ntchito imeneyi. Mmisiri amene sanakandepo matope a simenti sazindikira wothandizira akamubera muyeso.

Posankha mmisiri woti akuphunzitseni, yang'anani khoma lake. Imani pakona, mutsinzine diso limodzi, muyang'ane motsata khomalo. Likakhala ndi mimba, kapena mizere ya njerwa ikukwera n'kutsika, funani wina, chifukwa zizolowezi za dzanja zimavuta kuzisiya. Onaninso ngati amalola ophunzira kugwira chipande. Alipo amisiri aluso ndithu amene angakusungeni pa wilibala zaka zitatu osakupatsani mzere umodzi woti muyale.

Sukulu ya ntchito zamanja imapereka zimene pamalo omanga saphunzitsa bwino: kuwerenga mapulani, masamu owerengera zipangizo, ndi satifiketi imene makampani amafunsa. Ngati mungathe, chitani zonse ziwiri, sukulu ndi ntchito. M'mayiko ambiri, munthu wofuna kutenga ntchito m'dzina lake amayenera kulembetsa ku bungwe loona za zomangamanga, choncho fufuzani malamulo a kumene muli musanayambe kusaina mapangano.

Zida zoyamba kugula n'zochepa: chipande, levulo (chida chokhala ndi kathovu choonera ngati khoma lawongoka), tepi ya mamita 5, chingwe, sikweya ndi nyundo. Levulo yesani musanalipire. Iyikeni pa tebulo, onani pamene kathovu kaima, kenako itembenuzeni mbali ya kumanja ipite kumanzere pamalo omwewo. Kathovuko kakaima pena, levuloyo ndi yonama ndipo idzapotoza khoma lililonse limene mudzamange.

Luso limene limasiyanitsa woyala njerwa ndi womanga nyumba ndi kuyeza maziko. Kona ikapotoka pansi, vutolo limakutsatirani mpaka pamwamba: matailosi adzadulidwa mopendekera, malata sadzakumana bwino. Pofuna kona yolondola, yezani mamita 3 pa chingwe chimodzi kuchokera pakona, mamita 4 pa chinacho, ndipo pakati pa zizindikiro ziwirizo payenera kukhala mamita 5 ndendende. Mukamaliza makona onse anayi, yezani mopingasa kuchokera kona ina kufika yoyang'anizana nayo, mbali zonse ziwiri. Miyeso iwiriyo ifanane. Ikasiyana ngakhale ndi masentimita awiri, zulani zikhomo mukonze nthawi yomweyo, konkire isanathiridwe.

Pa kasakanizidwe ndi pamene nyumba zambiri zimaonongekera, ndipo chimayambitsa ndi kuyeza ndi fosholo. Fosholo ya mchenga wonyowa imadzadza mulu, ya simenti imakhuthuka, ndiye muyeso umasokonekera osadziwa. Gwiritsani ntchito ndowa imodzi pa zonse, yodzadza mosefukira ayi koma molingana ndi mlomo. Konkire ya pansi pa maziko a nyumba wamba imakhala ndowa 1 ya simenti, 3 za mchenga ndi 6 za miyala. Ya lintala (mtanda wa konkire wa pamwamba pa khomo kapena windo) ndi silabu yokhala ndi zitsulo imakhala 1, 2 ndi 4. Matope oyalira njerwa ndi ndowa 1 ya simenti pa 5 kapena 6 za mchenga. Mapulani akanena muyeso wina, tsatirani mapulaniwo. Madzi ndiwo amanyenga anthu ambiri: konkire yamadzimadzi imathirika mosavuta, koma madzi oonjezerawo akauma amasiya timabowo m'kati ndipo mphamvu imachepa. Matope akayamba kulimba pansi, musawathirenso madzi kuti afewe, atayeni. N'chifukwa chake mumakanda ochepa, oti athe pasanathe ola limodzi kapena awiri.

Konkire silimba chifukwa chouma. Imalimba chifukwa simenti ikugwirana ndi madzi, ndiye ikauma msanga padzuwa imang'aluka ndi kuyoyoka pamwamba. Ithirireni masiku osachepera 7, kapena iphimbeni ndi masaka onyowa. Mphamvu imene akatswiri amawerengera imafika pa masiku 28.

Pali tinthu tina timene mwini nyumba saona koma timadzakuyalutsani mvula ikagwa. Pepala lotchinga chinyezi liyalidwe m'khoma pamtunda wosachepera mamilimita 150 kuchokera pa nthaka, apo ayi penti idzafufuma m'munsi mwa makoma. Lintala ikhale pa khoma mamilimita 150 kapena kuposa mbali iliyonse ya khomo kapena windo. Zitsulo za m'konkire zisagone pa thabwa lothirirapo konkireyo, zikwezeni ndi timiyala ta konkire kuti zikutidwe bwino, chifukwa chitsulo chikachita dzimbiri chimatupa n'kung'amba konkire. Mpata wa matope pakati pa njerwa ukhale mamilimita 10.

Thupi lanu ndiye chida chachikulu. Simenti yonyowa imawotcha khungu pang'onopang'ono, makamaka ikalowa mu jombo n'kukhalamo tsiku lonse. Valani magolovesi, chipewa cholimba, ndi chotchinga mphuno podula njerwa ndi makina, poti fumbi lake limaononga mapapo. Nsanja yoimapo muziiona nokha musanakwere.

Mukafika potenga ntchito panokha, chovuta sichikhalanso khoma koma masamu. Yezani makoma onse pa pulani m'masikweya mita, chotsani makomo ndi mawindo. Mabuloko a masentimita 40 m'litali ndi 20 msinkhu, kuphatikiza mpata wa matope, amalowa 12 ndi theka pa sikweya mita imodzi. Onjezerani 5 mpaka 10 pa 100 alionse chifukwa ena amasweka kapena kudulidwa. Musaiwale mayendedwe, madzi, malipiro a othandizira ndi masiku otayika ndi mvula. Amisiri atsopano ambiri amatchula mtengo wotsika pofuna kupeza ntchito, ndalama n'kuthera pa lintala, kenako amayamba kuchepetsa simenti kapena kuthawa.

Pangano lilembedwe, ngakhale mwini nyumba ndi m'bale wanu. Lembani zimene mudzachite, amene adzagule zipangizo, ndi malipiro a gawo lililonse: maziko, khoma kufika pa lintala, denga, pulasitala ndi zomalizira. Mwini nyumba akasintha maganizo, akafuna windo lina kapena chipinda chikule, gwirizanani mtengo wake ndipo musainirane musanagwetse njerwa ngakhale imodzi. Ndalama za nyumba iyi musamalizire nazo nyumba ina.

Jambulani gawo lililonse, makamaka zitsulo ndi mapaipi zisanakwiriridwe, chifukwa zithunzizo ndi umboni pakabuka mkangano, komanso ndi zimene mudzaonetse wofuna kukulembani ntchito. Nyengo ya mvula ikatha, bwererani ku nyumba imene munamanga. Onani m'makona a mawindo ngati mwatuluka ming'alu, gwirani m'munsi mwa khoma mumve ngati muli chinyezi, ndipo chimene mwapeza chikonzeni mwini wake asanakuitaneni.