Mmene mungaonere mbalame zapaulendo ku Chilwa zisananyamuke

Ngati mumafuna kuona mbalame zochokera kunja, nthawi yake ndi Malichi mpaka pakati pa Epulo, musachedwe. Mbalamezi zimabwera kuno cha m'ma Seputembala ndi Okutobala pothawa chisanu ku Europe ndi ku Asia, nde kukayamba kufunda kwawoko zimabwerera kukaswa. Pofika Meyi zambiri zimakhala zapita.

Ine ndimakonda Nyanja ya Chilwa, dambo loyamba m'Malawi muno kulowa pa mndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika kwambiri padziko lonse. Kuchoka ku Zomba mumalowera ku doko la Kachulu, koma funsani kaye za msewu chifukwa mvula ikagwa matope ake si masewera. Amene muli kumunsi kwa Shire pitani ku Elephant Marsh, nayonso inalowa mu Ramsar mu 2017. Ku Nkhotakota kuli kanyanja ka Chia, ndipo a ku Lilongwe musadandaule, maiwe a ku Kauma amakhala ndi mbalame zambiri ndithu.

Fikani m'mamawa dzuwa likungotuluka, ndipo muime dzuwa lili kumbuyo kwanu, apo ayi mbalame zonse zizingooneka zakuda. Valani zovala zosawala, jombo, chipewa, tengani madzi akumwa ndi mankhwala odzola othamangitsa udzudzu. Bayinokyula ya 8x42 ndi yokwana, ngati mulibe bwerekani kapena mupite ndi a WESM, bungwe lija loona zachilengedwe. Pa foni ikani Merlin, pulogalamu yothandiza kuzindikira mbalame, mudakali kutauni komwe netiweki ili bwino.

Tsopano apa mpomwe ambiri amaphonya. Amangoyang'ana pakati pa nyanja, amaona nkhwazi, vuwo, tsekwe ndi akakowa basi n'kumati taona, koma zimenezo ndi zathu zomwe, zimakhala kuno chaka chonse. Alendowa amakonda m'mphepete momwe madzi akuphwa n'kusiya matope, komanso m'minda ya mpunga. Pezani malo otero, khalani pansi phee kwa mphindi 20 osayendayenda, muona timbalame tikubwera tokha. Kamene kamagwedeza kumchira mosalekeza n'kumauluka motsika pamwamba pa madzi ndi common sandpiper. Ka mawangamawanga kumsana, miyendo yachikasu mobiriwirako ndi mzere woyera pamwamba pa diso ndi wood sandpiper. Greenshank ndi yokulirapo, mlomo wake wautali wopindikira m'mwamba pang'ono, ikadzidzimuka imalira katatu kuti tyu tyu tyu. Ruff imayenda m'magulu ndipo siilira kawirikawiri, yaimuna imakula kuposa yaikazi moti mutha kuganiza kuti ndi mitundu iwiri.

Koma imene imandikoka mtima ine ndi white-winged tern. Miyezi yonse ya dzinja imakhala yotuwa yosapatsa chidwi, nde ikamayandikira ulendo imayamba kusintha nthenga, ina mathothomathotho, ina mutu ndi thupi lonse bii ngati makala mapiko ndi mchira zokha zoyera, zonsezo m'gulu limodzi zikuuluka pamwamba pa madzi kutola tizilombo. Zimenezi mukapita Disembala simungazione, n'chifukwa chake ndikukakamira za Epulo. Madzulo musafulumire kuchoka, anamzeze amasonkhana ambirimbiri kudzagona m'mabango.

Chonde musazithamangitse pofuna chithunzi chabwino. Nthawi imeneyi zikudya kuti zinenepe, mafuta amenewo ndi omwe zidzaulukire podutsa Sahara, nde mukaziulutsa kawirikawiri mukuzibera mphamvu. Ikasiya kudya n'kutukula mutu ndiye kuti mwayandikira kwambiri, bwererani m'mbuyo.

Mukafika perekani moni kwa asodzi ndi eni minda, osangolowa mu mpunga wa anthu. Iwowa amadziwa komwe mbalame zagona, ndipo mukafuna bwato gwirizanani mtengo musanakwere. Osaponda m'madzi opanda jombo chifukwa cha likodzo, ndipo ku Shire samalani ng'ona ndi mvuu. Zomwe mwaona lembani tsiku, malo ndi chiwerengero, mukafika pa netiweki muziike pa eBird, tsamba la pa intaneti lolembapo mbalame zomwe anthu aona, kuti ofufuza nawonso azigwiritse ntchito.