Mmene mungalondolere mbiri ya Dainik Azadi, nyuzipepala ya ku Chattogram

Chimene chinandikopa ndi ichi: asilikali a Pakistan atagonja pa 16 Disembala 1971, nyuzipepala yomwe imadziwika kuti inali yoyamba kutuluka m'mawa mwake m'dziko latsopano la Bangladesh sinali ya ku Dhaka ayi. Inali Dainik Azadi, ya mumzinda wa padoko wa Chattogram. Ngati nanunso mukufuna kulondola mbiri yake, nayi njira imene ndinayenda.

Yambani ndi maina, chifukwa ndi pomwe pali poterera. Pofufuza pa intaneti lembani Chattogram komanso Chittagong, poti kalembedwe katsopano ka Chattogram kanabwera mu 2018. Musasokoneze Azadi ndi Azad, nyuzipepala ina yomwe Maulana Akram Khan anayambitsa ku Calcutta mu 1936. Kenako siyanitsani Khaleq ndi Khaled. Abdul Khaleq, injiniya, ndiye anayambitsa Azadi pa 5 Seputembala 1960. Atamwalira mu 1962, ukonzi unapita kwa mkamwini wake, Mohammad Khaled, yemwe anaugwira mpaka 2003, ndipo analinso m'komiti yolemba malamulo aakulu a Bangladesh mu 1972. Pambuyo pake anatenga udindowo ndi M A Malek, mwana wa Khaleq.

Musayambire pa 1960. Bwererani ku Kohinoor Electric Press ya ku Anderkilla, dera la mumzinda wa Chattogram, nyumba yosindikiza mabuku ya Khaleq yemweyo. Ndi kumeneko kunasindikizidwa ndakatulo ya Mahbub ul Alam Chowdhury yolira anthu omwe apolisi anawombera ku Dhaka pa 21 Febuluwale 1952 pomenyera chilankhulo cha Chibengali. Kwa ine, mtima wa Azadi unabadwira pa makina amenewo.

Tsopano, poti Azadi imalembedwa m'Chibengali, phunzirani manambala a Chibengali, ngakhale zilembo zisanalowe m'mutu. Alipo khumi okha, koma awiri ndi achinyengo: ৪ amaoneka ngati 8 pomwe ndi 4, ৭ amaoneka ngati 9 pomwe ndi 7. Ine ndinalemba m'kope langa tsamba la 1974 ngati la 1998, ndipo ndinatha madzulo onse ndikudabwa chifukwa chake nkhani zake sizikugwirizana. Mukaona chaka ngati 1367 pamwamba pa tsamba loyamba, ndi kalendala ya Chibengali imeneyo. Wonjezerani 593 ngati tsikulo lili pakati pa 14 Epulo ndi kutha kwa Disembala, kapena 594 pa miyezi yotsalayo.

Ntchito yolemera kwambiri ndi ya atolankhani. Maina a akonzi sasowa: timizere tating'ono ta kumunsi kwa tsamba lomaliza timatchula mkonzi ndi wosindikiza. Koma nkhani zambiri zimangoti "mtolankhani wathu", dzina palibe. Izi zimandiwawa, chifukwa amenewa ndiwo ankayenda m'matope namondwe wa mu Epulo 1991 atakantha gombe la Chattogram. Pofuna kuwapeza, werengani makope a pa 5 Seputembala, pomwe nyuzipepala imakumbukira kubadwa kwake, ndi nkhani za maliro a antchito akale. Lemberani kalata Chittagong Press Club, bungwe la atolankhani la ku Jamal Khan mumzinda womwewo, mupemphe kuti akulumikizeni ndi opuma pantchito. Mukacheza nawo, funsaninso za ojambula zithunzi ndi owongola zolakwika usiku, ndipo dzina lililonse mulilembe pamodzi ndi zaka zomwe munthuyo anagwira ntchito.