Ndewu ya Anyamata Ikabuka, Fikani Asanabwezerane

Mafumu, a komiti za chitukuko ndi inu a chitetezo cha m'mudzi, ndikufuna tiganizire maola amene amatsatira ndewu. Anyamata akamenyana ku mpira, pa siteji ya kabaza kapena pomwera kachasu, kawirikawiri ndewu yoyambayo imathera pa zilonda. Yoopsa ndi yachiwiri. Womenyedwa uja wakamema anzake, wina wanola chikwanje, ndipo usiku womwewo ali pamsewu kusaka adani awo. Mudzi uli ndi mphamvu yoletsa ndewu yachiwiriyi, koma pokhapokha utakonzekeratu.

Sankhani anthu ochepa amene anyamata amawamvera: mkulu wa mpingo kapena shehe, mayi wolemekezeka, mphunzitsi wa timu ya mpira. Onjezerani mnyamata mmodzi kapena awiri omwe kale anali m'zachiwawa koma anasiya. Ndikudziwa kuti akuluakulu ambiri amakana, amati "ameneyo ndi chigawenga". Komatu ndi iyeyo amene amadziwa wosunga chakukhosi ndi woyenda ndi mpeni, ndipo akalankhula anzake samuona ngati kazitape. Ku Chicago, mzinda wa ku America, m'chaka cha 2000, dokotala Gary Slutkin adayambitsa ntchito yotchedwa CeaseFire, yomwe lero ndi Cure Violence, ndipo maziko ake anali omwewa: anthu ochokera m'magulu achiwawa ankapita kukaziziritsa mbali zonse zisanabwezerane.

Uthenga ukangofika, gawanani awiriawiri n'kupita ku mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Wovulala apite kuchipatala ndipo wina akhale naye. Musamufunse kuti adayamba ndani pamaso pa anzake. Mnyamata amene wachititsidwa manyazi pagulu amaona ngati ulemu wake ubwerera akakhetsa magazi a wina, ndiye mukamukalipira anzake akumvetsera mwangothira mafuta pamoto. Muitanireni kuseri kwa nyumba, malume ake kapena mayi ake ali pomwepo. Musiyeni alankhule mpaka mkwiyo utsike, ngakhale akunena zopweteka. Kenaka pemphani chinthu chimodzi chokha: usiku uno asatuluke, ndipo chikwanjecho asunge malume. Za chipepeso, ndalama za mankhwala kapena foni yomwe yasweka, mukambirane kwa amfumu mitima itakhala pansi.

Pali milandu yosayenera kuthera pabwalo la mfumu. Kubaya, kugwiririra ndi imfa zipite kupolisi, ndipo wochitiridwa nkhanza athandizidwe ku ofesi ya kupolisi ya Victim Support Unit. Nkhani ikakhudza mwana, imbani 116, nambala yothandiza ana, ndi yaulere. Kumbukirani kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo lamulo la 2010 losamalira, kuteteza ndi kuweruza ana limalola kuti milandu ing'onoing'ono ithe popanda kuzengedwa kukhoti. Ana olakwa kwambiri ali ndi malo awo owaphunzitsa khalidwe, monga Chilwa ku Zomba ndi Mpemba ku Blantyre.

Chimene chimandiwawa n'kuona a chitetezo atagwira mnyamata n'kumukwapula, kapena gulu likufuna kumuotcha. Umenewo ndi mlandu, ndipo abale ake mawa adzabwezera. Mukamugwira, mutetezeni kufikira apolisi afike.

Ndewu ikazizira musamutaye mnyamatayo. Mmodzi wa inu azimuyendera sabata ndi sabata, aone ngati angabwerere kusukulu, kulowa kalabu ya achinyamata kapena kuphunzira ntchito yamanja kwa kalipentala kapena wowotcherera wa m'deralo. Gwirizananinso ndi ogulitsa mowa za nthawi yotsekera, ndipo tsiku la mpira wa matimu odana, a komiti afike pabwalo masewero asanayambe, aime mbali zonse za ochemerera mpaka anthu atabalalika.