Momwe mungakonzere nkhani zitatu za mawu musanakapemphe estágio (malo ophunzirira ntchito) ku wailesi

Chaka chilichonse ophunzira utolankhani amafika pa wailesi yathu ya m'dera kuno ku Angónia atanyamula envulopu ya khaki. Mkatimo muli kalata ya kusukulu, fotokope ya chiphaso cha unzika (BI) ndi CV ya masamba awiri. Ndikawauza kuti, "Tandimvetseniko zomwe munajambulapo," amangoyang'ana pansi. Ena achokera ku Maputo, ena ku Nampula, ena mumzinda wa Tete momwemu, ndipo mabuku anawerengadi. Koma wailesi ndi khutu. Mkonzi amafuna kumva mawu anu asanaone satifiketi, nchifukwa chake ndikufuna mukhale ndi nkhani zitatu zanuzanu musanagogode pa khomo lililonse.

Yambani ndi kusankha mitu. Musathamangire ndale za ku Maputo, kumeneko kuli kale anthu ambiri. Tengani zomwe mukuziona: mtengo wa feteleza kwa mlimi wa mbatatesi ku Tsangano, fumbi la malasha kwa okhala pafupi ndi migodi ku Moatize, amayi odutsa ndi katundu pa chipata cha Calómuè kupita ku Dedza. Nkhani imodzi ikhale yachidule ya mphindi imodzi ndi theka, ina yofunsa munthu mmodzi mafunso, yachitatu yokhala ndi mawu a anthu angapo ya mphindi zisanu. Ziwiri mwa zitatuzi muzipange m'Chichewa kapena m'Chinyungwe. Nthambi ya Rádio Moçambique ya ku Tete imaulutsa m'zinenero zathu, mawailesi a m'madera nawonso chimodzimodzi, ndipo mwana wodziwa kulemba bwino m'Chipwitikizi ndi m'chinenero cha kwawo sachedwa kupatsidwa maikolofoni.

Chipangizo si vuto. Foni yanu yomweyo ikwanira. Muiike pa modo de voo, kachizindikiro ka ndege kaja, kuti wina asakuimbireni mkati mwa kujambula. Kumunsi kwa foni, komwe kuli kabowo ka mawu, muvekeko sokosi yoyera chifukwa mphepo ya kumapiri kuno imalowa mu maikolofoni ngati bingu. Mahedifoni otchipa a pamsika ndi okwanira, bola muzimva zomwe zikulowa.

Tsopano ndifike pomwe ine pandipweteka mpaka lero.

Ndili wophunzira ndinagula memori khadi kwa mnyamata wina woyala katundu pansi pafupi ndi malire. Pachikuto panalembedwa 64 GB, mtengo wake sunafike ngakhale theka la wa m'sitolo, ndipo ndinachoka ndikuona ngati ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Ndinakwera chapa, kenako njinga yamoto, kukafika kumudzi wina ku Tsangano kwa gogo wina amene munda wake wa mbatatesi unapsa ndi chiwawu. Anandiyalira mphasa pakhonde. Poyamba ankayankha mawu awiriawiri, koma nditafunsa za malemu amuna awo omwe anayamba mundawo, anamasuka. Anafotokoza momwe masamba anadera mvula itagwa masiku otsatizana, fungo la mbatata yoola akafukula, ngongole ya mbewu yomwe inali isanabwezedwe. Penapake anaima, napukuta maso ndi nsonga ya chitenje, nati, "Mwanangu, zimenezi sindinauzepo munthu."

Mphindi 40. Foni inkaonetsa kuti zonse zasungidwa. Nditafika ku Ulónguè usiku ndi kuika khadi mu kompyuta, dzina la fayilo linalipo koma mawu munalibe. Makhadi abodzawa amachita zimenezi: mkati ndi aang'ono, koma anawakonza kuti azinamiza foni kuti ndi aakulu, ndiye malo enieniwo akadzaza, zomwe mwajambula zimaonongeka foni osakuchenjezani. Ndinabwerera patatha sabata. Gogo anandilandira bwino, anandiphikira ndi tiyi, koma nditatulutsa foni anangoti, "Aa, paja ndinanena kale zija." Zomwe ndinajambula ulendo wachiwiriwo zinali zouma, ndipo ndalama ya thiransipoti inapita kawiri.

Choncho khadi mugule m'sitolo yopereka lisiti. Musanapite nalo kumudzi, lidzazeni ndi mavidiyo mpaka likhute, kenako tsegulani oyamba ndi omaliza kuona ngati akuseweradi. Kapena lisiyeni khadilo, jambulirani m'foni mwenimwenimo mutafufuta zithunzi zakale. Musajambule zonse mu fayilo imodzi. Pakatha mphindi khumi imitsani, yambitsaninso. Ndipo musanatsanzike, mukadali pamphasa pomwepo, bwezani kumbuyo mumvetsere koyambirira, pakati ndi kothera. Mwininkhaniyo amasangalala kumva mawu ake, inu mumakhala mwatsimikiza. Mukangofika pomwe pali netiweki, dzitumizireni fayiloyo pa imelo. Mabando a Movitel kapena Vodacom a tsiku limodzi ndi otchipa kuyerekeza ndi ulendo wobwereza.

Chinanso pa kujambula komweku: kumudzi yambirani kwa amfumu, ndipo munthu aliyense mumuuze kuti mawu ake akhoza kumveka pa wailesi. Akavomera, kuvomerako kujambulidwenso. Foni ikhale kutali ndi pakamwa pake ngati chikhatho chimodzi, inu osamavomera "eee, eee" iye akulankhula, ingogwedezani mutu. Pomaliza jambulani mphindi imodzi ya phokoso la pamalopo, nkhuku, khasu, msika, lidzakuthandizani polumikiza.

Nkhani ikafuna mbali ya boma, lembani kalata yopempha. Lamulo la ufulu wopeza uthenga, nambala 34/2014, limapereka masiku 21 oti ofesi iyankhe, ndiye kalatayo muipereke msanga ndi kusunga kope yodindidwa.

Kudula mawu gwiritsani ntchito pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa Audacity. Ndi yaulere, musalole wina wa pa kashopu ka makompyuta akugulitseni, ndaonapo ana akulipiritsidwa. Lembani mawu anu olumikiza m'ziganizo zazifupi, muwawerenge mokweza kawiri, pomwe lilime lapunthwa musinthe. Chipwitikizi cha akuluakulu a boma musachitembenuze liwu ndi liwu, nenani momwe mungawauzire amayi anu. Mawu anuwo jambulirani m'chipinda chokhala ndi matilesi ndi zovala, usiku.

Zotsalazo nzosavuta. Sungani mu MP3, dzina lanu ndi mutu pa fayilo iliyonse. Mupatse mphunzitsi wanu amve, mupatsenso munthu wosaphunzira utolankhani. Akayamba kuyang'ana kwina, pamenepo mpofunika kudula. CV ikhale tsamba limodzi. Ikani zonse pa flash ndi pa foni, pitani ku wailesi m'mawa nkhani zoyamba zikatha, mufunse mkulu wa chipinda cha nkhani, ndipo mahedifoni aja mutenge kuti amvere pomwepo.