Ferrule ikamagwedera pa ndodo ya snooker

Ndodo yanga ya snooker inayamba kulira kuti "ke!" ndikamenya mpira woyera, makamaka ndikaumenya cham'mbali. Ndinasintha tip, kachikopa ka kunsonga komenyera mpira, phokoso osatha. Ndinadontheza supaguluu m'mphepete mwa ferrule, kachitsulo kamkuwa ka kunsonga kaja, koma anangoumira pamwamba. Nditakapotoza ndi zala ndinamva kakusuntha: mtengo wam'kati unali utauma n'kuchepa.

Ndinadula tip n'kukulunga tepi pamtengo kuti usakalike. Kenako ndinatenthetsa mkuwawo pang'ono ndi chitsulo chowotcherera mawaya kuti guluu wakale afewe, n'kuupotokola ndi pulayala. Osangousolola, chifukwa ma ferrule ambiri ali ndi mazinga m'kati.

Pagona nkhani ndi apa. Kamtengo kolowa mu ferrule ndinakapala guluu yense mosamala, osadyako mtengo. Popeza kanali katachepa, ndinakazenga ndi ulusi wosokera, mzere umodzi wothina, n'kupaka epoxy, guluu wolimba wochita kusakaniza mitundu iwiri, mpaka ulusi wonse utanyowa. Supaguluu apa ayi. Amagwira msanga ferrule isanakhale bwino, komanso amathetheka ndi kugundagunda. Ndinabwezera ferrule mpaka itakhudzana ndi mtengo popanda kampata, n'kuisiya maola 24.

Mawa lake ndinasalaza pamwamba ndi sandipepa, n'kumata tip ya 10mm pa ferrule yanga ya 9.5mm, kenako n'kusenga m'mbali. Phokoso lija linatheratu.

Powalitsa mkuwa ndimagwiritsa ntchito steel wool (timawaya tachitsulo tokwechera) ya 0000, yosalala kwambiri ija, osati sandipepa, tepi ili pamtengo. Sandipepa amadya mtengo msanga kuposa momwe amadyera mkuwa, ndiye ndodo imayamba kuwonda kunsi kwa ferrule.