Masiku anayi ku Rome: kayendedwe ndi kadyedwe

Rome simungaimalize olo mutakhalako mwezi wathunthu, ndiye musadzizunze ndi kufuna kuona chilichonse. Tsiku lililonse sankhani malo amodzi akuluakulu basi, zinazo muzingokumana nazo panjira, chifukwa mzindawu ngodya iliyonse pali tchalitchi kapena chipilala chakalekale.

Ngati pasipoti yanu imafuna visa ya Schengen (yolowera ku Italy ndi maiko ena ambiri a ku Ulaya) yambani ndi imeneyo, kukadali miyezi ingapo. Kenako matikiti a Colosseum, Vatican Museums ndi Galleria Borghese (nyumba yosungira zojambula ndi ziboliboli) gulani pa intaneti musananyamuke, apo ayi mukathera theka la tsiku pamzere dzuwa likuswa mtengo. Mwezi wa August upeweni ngati nkotheka, kumatentha koopsa komanso cha pa 15 eni mzinda ambiri amatseka malo awo odyera n'kupita kunyanja.

Mukatsika pa eyapoti ya Fiumicino kwerani sitima ya Leonardo Express, mphindi 32 mwafika pa siteshoni ya Termini. Malo ogona ndingasankhe dera la Monti, ndi pafupi ndi Termini komanso ku Colosseum mumangoyenda wapansi.

Tsiku loyamba Colosseum mmamawa. Bwalo lakale la masewerali linatsegulidwa mu chaka cha 80 AD, nthawi ya mfumu Titus, ndipo tikiti yake yomweyo mulowera ku Roman Forum ndi paphiri la Palatine, ndiye osataya. Kulibe mthunzi weniweni kumeneko, tengani botolo lopanda kanthu muzitunga madzi pa timipope ta m'misewu tomwe amati nasoni, madzi ake ndi ozizira, abwino kumwa, aulere.

Tsiku lachiwiri Vatican. Onetsetsani kuti silinagwe Lamulungu chifukwa nyumba zosungira zakale zimakhala zotseka, kupatula Lamulungu lomaliza la mwezi pomwe amalowetsa ulere koma khamu lake eee simungapume. Mu Sistine Chapel, momwe Michelangelo anajambula denga kuyambira 1508 mpaka 1512, salola kutola zithunzi. Tchalitchi cha St Peter's kulowa ndi ulere koma kabudula wamfupi kapena malaya oonetsa mapewa akubwezani pakhomo, mutaima kale pamzere ola lathunthu.

Tsiku lachitatu ingoyendani wapansi, Pantheon, Piazza Navona, kasupe wa Trevi, zonsezi zili moyandikana. Ku Pantheon chiyambire 2023 amalipiritsa. Tsiku lachinayi Galleria Borghese, amakupatsani maola awiri okha mkatimo ndipo Lolemba satsegula, koma ziboliboli za mmisiri Bernini zomwe zili mmenemo, mwala wooneka ngati mnofu wa munthu wotsinidwa ndi zala, kwa ine zimaposa zambiri za ku Vatican.

Tsopano nkhani ya chakudya, apa ndi pomwe ambiri amaluza ndalama. Lesitilanti yomwe ili maso ndi maso ndi Colosseum, ili ndi zithunzi za zakudya pakhomo komanso mnyamata woitanira anthu, idutseni. Lowani timisewu tiwiri titatu mkati mupeze trattoria, kalesitilanti wamba, yomwe mukumveka Chitaliyana chokhachokha. Itanitsani carbonara, pasta ya mazira, tchizi cha pecorino, tsabola wakuda ndi guanciale, yomwe ndi nyama ya tsaya la nkhumba, mulibe kirimu ngakhale pang'ono. Ina ndi cacio e pepe, tchizi ndi tsabola basi koma kukoma kwake simungamvetse. Ku Testaccio, komwe kale kunali kophera ng'ombe kwa mzinda wonse, amaphika mchira wa ng'ombe mu tomato mpaka nyama kumangoyoyoka pafupa, dzina lake coda alla vaccinara. Kudera la Trastevere ndi kokongola madzulo koma kumadzaza alendo, sungitsani tebulo.

Masana osawononga ndalama, gulani pizza al taglio, amadula ndi sizasi n'kuyeza pasikelo, mumangoloza ndi manja kukula komwe mukufuna. Onjezerani supplì, kampira ka mpunga kokazinga, mukakanyema tchizi cha mkati chimatamuka ngati ulimbo. Khofi imwani chiimire pakauntala, mukangokhala pampando mtengo umakwera. Chakudya chamadzulo amayamba cha m'ma 8 koloko, mukapita 6 koloko mupeza mipando ikadali pamwamba pa matebulo.

Nsapato valani zofewa chifukwa misewu yambiri ndi ya timiyala ta sampietrini, imapweteka mapazi. Tikiti ya pepala ya basi muidinditse pamakina mukangokwera, oyendera akakupezani nayo yosadinda ndi faindi. Ndipo mu basi nambala 64 yochoka ku Termini kupita ku Vatican, chikwama chizikhala kutsogolo dzanja lili pa zipi, opisa m'matumba amaikonda kwambiri imeneyo.