Ŵ kusanduka kabokosi mu EPUB

Ndimakonza kabuku ka nthano ka achinyamata ena omwe ndimawaphunzitsa design, pa laputopu kanali bwinobwino koma kutsegula EPUB (fayilo ya buku lowerengera pa foni kapena pa kompyuta) pa foni ya mmodzi wa iwo, paliponse pamene panali ŵ pangotuluka kabokosi. Dzina la dziko lathu lomwe linaonongeka pa tsamba loyamba penipeni!

Vuto linali pawiri. Font (mtundu wa zilembo) yomwe anyamatawo anaikonda ilibe ŵ, nambala yake pa Unicode (mndandanda wa manambala a zilembo pa makompyuta) ndi U+0175, ndiye InDesign, pulogalamu yomwe ndimakonzera bukulo, imangobwereka ku font ina osakuuza. Chachiwiri, ena polemba mu Word anaika w kenako kachipewa kapadera, U+0302, ndiye pa mafoni ena kachipewako kamathawira pambali.

Ndinatsegula fayilo mu Sigil, pulogalamu yokonzera ma EPUB, find and replace, ma w onse a zipewa zapadera kuwasandutsa ŵ weniweni, osaiwala Ŵ wamkulu. Kenako font ndinasintha kuika Charis SIL, ndiyaulere komanso laisensi yake imalola kuiika mkati mwa bukulo, ndinaimanga ndi lamulo la @font-face mu CSS, malangizo a maonekedwe a bukulo. Anyamata anadandaula kuti yakale ija imaoneka bwino, eya zoona, koma ndinaisiya pa chikuto pokha poti pamenepo ndi chithunzi basi. Tinayesa pa mafoni a Android otchipa aja, ŵ akutuluka.